Kapepala kosintha mtundu ndi chinyezi: kodi kangatiuze kuti nyemba zauma?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Bembeke, m'boma la Dedza, mlembi wa kalabu ya alimi a nyemba ndi soya. Akuti: "Mwana wanga anandionetsa kanema pa Facebook. Munthu akuuzira mpweya wa m'kamwa pa kapepala konyezimira kobiriwira, kapepalako n'kufiira, kenako n'kubwereranso mwakale. Akuti mulibe utoto, n'chinyezi chokha chikuchititsa. Kodi n'zoona? Ngati n'zoona, sitingamaike timapepalato m'matumba kuti tizidziwa ngati mbewu zauma? Kuno chifunga sichitipatsa mpata, ndipo mavenda amatidula mtengo ponena kuti nyemba zathu n'zosauma."

Mayi, timapepala totere tilipodi, ndipo asayansi akhala akutipanga m'malabotale kwa zaka zoposa 10. Koma ndinene msanga mbali imene simuikonda: si katundu woti mungakamupeze m'sitolo ya zaulimi pa Dedza boma, ndipo ngakhale wina atakupatsani lero, mukangokaponya m'thumba la saka kapena kukapachika pakhoma la mosungira mbewu kakhoza kukunamizani. Chifukwa chake chimveka tikaona kaye mmene kamagwirira ntchito.

Zinthu zambiri zimene timaona zili ndi mtundu chifukwa cha utoto. Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera koma muli mitundu yonse ya utawaleza. Utoto umameza mitundu ina n'kusiya ina kuti ibwerere m'maso mwathu. Kufiira kwa katondo, kubiriwira kwa masamba a kachewere, maluwa a pa chitenje, zonsezi ndi utoto. Nazonso zithunzi zakale za m'mapanga a ku Chongoni, zimene UNESCO inaziika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndi utoto wofiira ndi woyera wopakidwa pathanthwe. Utoto ungausinje bwanji umakhalabe ndi mtundu wake.

Tsono tsiku limene mwapha tambala wakuda, musataye nthenga yaitali ya kumchira, ija imanyezimira mobiriwira. Itembenuzeni pang'onopang'ono padzuwa. Kubiriwirako kumayenda, pena kumapendekera ku buluu kapena pepo, pena kumazimirira. Kenako lowani m'nyumba, muiimike pakati pa diso lanu ndi windo kuti kuwala kudutse m'nthengamo. Kubiriwira konse kwatha, yatsala nthenga yakuda motuwa. Mukaisinja mupeza fumbi lakuda basi. Khosi la nkhunda limachita zomwezo, ntchentche zobiriwira zotera pa usipa pamsika nazonso, ngakhale dizilo wotayikira m'chithaphwi pa depoti.

M'nthenga imeneyo muli timagawo topyapyala kwambiri tosanjikizana mwadongosolo. Kuwala kumayenda m'mafunde, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kutalika kwa funde kwakekwake. Kutalikako timakuyeza m'ma nanomita. M'milimita imodzi, kampata kamodzi kakang'ono ka pa rula, muli ma nanomita 1,000,000, ndipo tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa ma nanomita 50,000 mpaka 100,000. Funde la buluu ndi lotalika pafupifupi 450, lobiriwira 530, lofiira 650. Likapitirira cha m'ma 750 diso la munthu silionanso kanthu. Kuwala kukagwera pa timagawo tija, kagawo kalikonse kamabweza pang'ono. Mafunde obwererawo akakumana, amene kutalika kwawo kukugwirizana ndi mpata wa pakati pa timagawoto amawonjezerana mphamvu, enawo amafafanizana, ndipo diso limalandira otsalawo. Ndiye kuti mtunduwo wagona pa kukula kwa mpata. Mpata ukasintha, mtundu usintha, popanda kuthirapo mankhwala aliwonse.

Zakuti madzi amasokoneza mtundu wotere si zachilendo. Robert Hooke wa ku England anayang'ana nthenga za pikoko pa mayikulosikopu, ndipo mu 1665 analemba kuti akazinyowetsa mitundu yake imathawa. Isaac Newton mu 1704 anati chinsinsi chili pa kupyapyala kwa tizigawo ta nthengazo, ndipo Thomas Young kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 ndiye anafotokoza za mafunde owonjezerana ndi ofafanizana aja. Ngati muli ndi ana a sekondale pakhomo, akhoza kudzipangira okha mtundu wopanda utoto. Amize kapepala kakuda m'mbale ya madzi, adonthezere pamwamba pa madziwo dontho limodzi la polishi wa m'zikhadabo wopanda mtundu, adikire pang'ono kuti liyale, kenako avuule kapepalako mosamala kuti kanyamule kakhungu kamene kayandama. Kakauma aona utawaleza wosafufutika, wochokera ku polishi woyera ngati madzi.

Chinyezi chimalowerera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kudzaza timabowo. Kuwala kumachepetsa liwiro kukalowa m'chinthu, ndipo tili ndi nambala yosonyeza kuchepako: mpweya ndi 1.00, madzi ndi 1.33, chikamba cha tizilombo ndi choposa 1.5 pang'ono. Kusiyana kwa manambalawa pakati pa kagawo ndi kanzake n'kumene kumachititsa kuti kuwala kubwerere mwamphamvu. Ku Central America ndi South America kuli chikumbu chachikulu chanyanga chotchedwa Dynastes hercules. Kukakhala kouma msana wake umaoneka wa khaki wobiriwirirako, koma chinyezi cha mumpweya chikapitirira cha m'ma 80 peresenti umada bii. Akatswiri awiri, Hinton ndi Jarman, analemba za chikumbuchi mu 1972, ndipo mu 2008 akatswiri a pa yunivesite ya Namur ku Belgium anaonetsa bwino chimene chimachitika. Pansi pa khungu lapamwamba pali kagawo kodzaza ndi timabowo. Timabowoto tikakhala ndi mpweya kuwala kumabwerera. Madzi akalowamo, kusiyana kuja kumachepa, kuwala kumangodutsa n'kukamezedwa ndi gawo lakuda lapansi. Kukauma khaki uja amabwerera.

Njira yachiwiri ndi kufufuma, ndipo ndi imene ikukhudza kanema wanu. Chikumbu china, Tmesisternus isabellae, chimaoneka chagolide chikauma n'kufiira chikanyowa, chifukwa timagawo ta m'mamba ake timamwa madzi n'kutalikirana. Izi anazifotokoza akatswiri a pa yunivesite ya Fudan ku Shanghai mu 2009. Ndipatuke pang'ono: birimankhwe naye amasewera ndi mpata. Mu 2015 akatswiri a ku Geneva anapeza kuti mtundu wina wa birimankhwe wa ku Madagascar uli ndi timiyala ting'onoting'ono m'khungu timene umatha kutitalikitsa kapena kutiyandikizitsa, ndipo ndi mmene wobiriwira amasandukira wachikasu kapena wofiirira. Kungoti iye sadikira chinyezi, thupi lake ndilo limalamula.

Pa zopangidwa ndi anthu, chimene chili pafupi ndi ife ndi selulozi, ulusi umene umalimbitsa zomera zonse. Thonje pafupifupi lonse ndi selulozi, ndipo m'thabwa ndi pafupifupi theka. M'nkhalango za mu Africa muno, kuyambira ku Ethiopia mpaka ku Angola ndi Mozambique, mumamera kachomera kotchedwa Pollia condensata ka tizipatso ta buluu wonyezimira ngati chitsulo. Mu 2012 Silvia Vignolini ndi anzake ku Cambridge anaonetsa kuti m'khungu la tizipatsoti mulibe utoto wa buluu. Muli timaulusi ta selulozi toyalidwa m'magawo, gawo lililonse lopotoka pang'ono poyerekeza ndi lapansi pake, mpaka kuzungulira. Tizipatso tina timene tinatoledwa ku Ghana mu 1974 n'kusungidwa kumalo osungira zomera a Kew ku London tinali tikuwalabe chimodzimodzi, pakuti munalibe choti n'kusuluka.

Anthu anaphunzira kupanga zofanana nazo. Amatenga thonje kapena phala la mitengo n'kuliviika mu asidi wa sulphuric wamphamvu, wa pafupifupi 64 peresenti. Asidiyo amadya mbali zofewa za ulusi n'kusiya timitengo tolimba, totalika ma nanomita 100 mpaka 300 ndi tonenepa 5 mpaka 20. Mu 1992 Jean-François Revol, Derek Gray ndi anzawo ku Montreal anaona kuti timitengoti tikachuluka m'madzi timadzisanja tokha mopotoka muja. Madziwo akauma pang'onopang'ono, dongosololo limatsalira m'kapepala kopyapyala konyezimira. Masamu ake ndi osavuta: mumachulukitsa kutalika kwa mzungulo umodzi wa kupotokako ndi pafupifupi 1.55. Mzungulo wa ma nanomita 300 umapereka 465, umene ndi buluu. Wa 350 umapereka cha m'ma 540, wobiriwira. Wa 420 umapereka 650, wofiira.

Selulozi amakonda madzi. Mwaonapo kope la mwana wasukulu litanyowa ndi mvula, mmene limanenepera masamba ake n'kutalikirana ngakhale palibe amene wawonjezera tsamba. M'kapepala kaja zimachitika zomwezo. Nthunzi ya m'kamwa imalowa pakati pa timitengo, mzungulo wa 350 umafika 420, kobiriwira kaja kafiira. Kufufuma kumeneku ndi gawo limodzi mwa magawo 5 okha, pa chinthu chopyapyala kuposa tsitsi, moti ndi maso simungakuone, koma mtundu umakuululani. Kakafufuma kupitirira apo, funde lobwerera limadutsa malire a diso ndipo kapepalako kamaoneka ngati kalibe mtundu. Nthunzi ikatuluka kamabwerera mwakale. Selulozi payekha amathetheka ngati chigoba cha dzira, choncho amamusakaniza ndi zofewetsa zimene nazonso zimakoka madzi, monga gilisalini yemwe timadzolayu kapena mankhwala otchedwa PEG. Gulu la akatswiri a pa yunivesite ya KTH ku Stockholm linaonetsa mapepala opindika otere mu 2017. Mu 2021 gulu la ku Cambridge lija linatha kupanga mapepala a selulozi amitundu otalika mamita angapo pa makina, ngakhale cholinga chawo chinali tonyezimira ta m'zodzoladzola osati zaulimi.

Tibwere tsopano kumatumba anu, chifukwa apa m'pamene pali nkhani. Kapepala kotere sikayeza madzi a m'nyemba. Kamayeza chinyezi cha mpweya umene wakazungulira, ndipo chinyezi cha mpweya chimayendera kutentha. Mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse ukhoza kunyamula madzi okwana magalamu pafupifupi 30 pa madigiri 30, magalamu 17 pa madigiri 20, koma 9 okha pa madigiri 10. Peresenti imene timanena ndi gawo la katunduyo limene mpweya wanyamula kale. Tengani tsiku la mu June kwanuko. Masana kwatentha madigiri 25, chinyezi chili pa 50 peresenti. Mpweya womwewo ukazizira usiku kufika pa madigiri 13 wadzaza kale, wafika pa 100, ndipo ndi chifunga ndi mame amene mumadzuka nawo. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo phiri la Dedza limafika 2,198, choncho kuzizira kotere si kwa apo ndi apo. Kapepala kopachika pakhoma kadzafiira m'mawa n'kubiriwira masana tsiku lililonse, nyemba zili chimodzimodzi. Kadzakhala kakukuuzani za nyengo. Thumba la saka nalo limalowa mphepo, choncho vuto ndi lomwelo.

Kuti mpweya unene zoona za mbewu, muyenera kuutsekera pamodzi ndi mbewuzo m'botolo kapena m'pulasitiki wosalowa mphepo. Mbewu zosauma zimatulutsa nthunzi, zouma zimakoka, mpaka ziwirizi zitagwirizana. Pamenepo nambala yofunika ndi 65 peresenti. Mpweya wotsekeredwa ukakhazikika pansi pa 65, chuku sichimera. Chuku chimene chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, chotchedwa Aspergillus flavus, chimafuna chinyezi cha m'ma 80 kupita m'mwamba. Ubwino woyeza mpweya ndi wakuti 65 yemweyo amagwira pa mbewu iliyonse, pamene madzi a m'kati mwa njere amasiyana: chimanga chimafika pamenepo chili ndi madzi pafupifupi 13 peresenti, imene ndi nambala yomwe ogula akuluakulu monga ADMARC amatchula, koma mtedza wosenda, poti uli ndi mafuta ambiri, umafika uli cha m'ma 7.

Tinene kuti mwakatsekera bwino kapepala ka selulozi kaja. Mavuto sanathe. Mwaona kale pa nthenga ya tambala kuti mtundu wotere umasintha mukapendeketsa. Inu mukuona kofiirira, venda waima cha m'mbali akuona kobiriwira, mkangano uja wangosamukira pa kapepala. M'nyumba yamdima mtunduwo suoneka bwino, ndipo umafuna chakuda kumbuyo kwake. Dontho lenileni la madzi likhoza kumwaza dongosolo la timitengo tija kosabwereranso, pokhapokha atakalimbitsa ndi mankhwala ena. Nthawi zambiri mtundu umene kamaonetsa chinyezi chikamakwera umasiyanako ndi umene kamaonetsa chikamatsika, ngakhale nambala ili imodzimodzi. Sikasankhanso madzi okha. Mu 2007 akatswiri a kampani ya General Electric anaonetsa kuti mapiko a gulugufe wa buluu wotchedwa Morpho amasintha kanyezimiridwe ndi nthunzi ya madzi komanso ya mowa, ndipo zopangidwa ndi anthu zambiri zili ndi khalidwe lomweli. Onjezanipo kuti amuna ena anabadwa osasiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira.

Chimene ine ndimachiona ngati chilema chachikulu ndi chomwe chimasangalatsa anthu m'kanema: kubwerera mwakale. Kwa woyeza pompopompo ndi zabwino, kapepala kamodzi kagwira ntchito kambirimbiri. Koma kwa wosunga matumba miyezi 6, funso limakhala lakuti kodi thumbali linanyowapo pamene denga linadontha mu January? Kapepala kamene kaiwala zimenezo dzuwa litangowala sikakuthandizani. Mlimi safuna utawaleza woyenda pang'onopang'ono kuchokera ku buluu mpaka kufiira. Akufuna chinthu chimene chimadumpha mtundu moonekeratu pa 65, chooneka chimodzimodzi mbali iliyonse, ndipo ngati n'cha m'thumba, chosabwerera. Ofufuza ambiri amathamangira mitundu yowala ndi kusintha kwa msangamsanga chifukwa n'zimene zimaoneka bwino pa chithunzi, ndiponso msika umene akuuyang'ana ndi wa zizindikiro zoletsa katundu wachinyengo, zokutira mankhwala ndi zipangizo zamagetsi.

Sikuti ndikuzinyoza. Makadi ambiri osonyeza chinyezi amene alipo kale amagwiritsa ntchito mchere wa cobalt chloride, umene umakhala wa buluu ukauma ndi wa pinki ukanyowa. Ndi womwe unkapezeka m'timikanda tina ta silika toika m'makatoni a zipangizo. Ku Ulaya anauika m'gulu la mankhwala amene angayambitse khansa munthu akamapuma fumbi lake. Kapepala ka thonje kopanda cobalt, kopanda batire, kosasuluka ndi dzuwa ndiponso kotha kuola kakatayidwa ndi chinthu choyenera kuchilimbikira. Wina anganene kuti thonje timalima ku Bwanje ndi ku Balaka, utuchi wa paini uli mbwee kumacheka a ku Dedza, bwanji osapanga tokha? Zipangizo zoyambira si zimene zikuvuta. Chovuta ndi asidi woopsa uja, madzi oyera ochuluka otsukira kwa masiku angapo, ndi kuumitsa mofanana kuti kapepala ka lero kanene zomwe kanena ka mawa. Imeneyo ndi ntchito ya labotale ya pa yunivesite, ndipo pasapezeke woyesera kuseri kwa nyumba.

Pakadali pano, pa nyemba za chaka chino, mchere wa m'khitchini ukhoza kukuthandizani. Uumitseni kaye padzuwa kapena muukazinge pang'ono, uzizire. Tengani botolo lagalasi louma la chitsekerero chabwino, muthiremo mbewu kufika gawo limodzi mwa magawo 3, kenako masipuni akulu 2 kapena 3 a mcherewo. Tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, lisiyeni mphindi 15, khutchumulaninso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, mbewuzo zibwerere padzuwa. Koma dziwani malire ake. Mchere umayamba kukoka madzi chinyezi chikafika pa 75 peresenti, osati 65, moti pa chimanga umagwira chimene chili ndi madzi opitirira cha m'ma 15. Mbewu zimene zangopambana mayesowa ndi bwino kuziyanikanso tsiku lina ladzuwa musanasoke matumba, makamaka ngati mukuika m'matumba osalowa mpweya a PICS, amene amasunga bwino zouma koma amaoletsa zosauma. Tengani zoyesazo pakati pa mulu, osati pamwamba pamene dzuwa lawomba, ndipo zizizire kaye pamthunzi.

Pali kadi ina yotchedwa DryCard, imene anapanga Michael Reid ndi James Thompson a pa yunivesite ya California ku Davis, ndipo inapambana mpikisano wa njira zosamalira zokolola ku Nairobi mu 2017. Ndi ya cobalt chloride yomatidwa m'pulasitiki, mzere wake uli pa 65 peresenti, ndipo mumaitsekera ndi mbewu kwa mphindi 30 mpaka 60 musanawerenge. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu ngati angakupezereni. Apo ayi, kalabu isonkhe igule kachipangizo kakang'ono ka batire kosonyeza chinyezi ndi manambala, kokwana m'botolo la pakamwa papakulu. Totchipa timanama ndi mapointi angapo, choncho kayeseni kaye. Ikani mchere wonyowetsa pang'ono, wosasungunuka, m'kachitsekerero, mukatsekere pamodzi ndi kachipangizoko m'botolo usiku wonse. M'mawa kayenera kusonyeza 75. Kakasonyeza 71, muzionjezera 4 pa zonse zimene kanena.

Za mavenda, mayi, yesani mbewuzo iwo ali pomwepo, ndi zotapa m'thumba limene asankha okha, botolo lili poyera pambali pa sikelo. Mulembe nambala ndi tsiku m'buku la kalabu, ndipo mugwirizane nonse musanapite kumsika kuti thumba limene lasonyeza pansi pa 65 palibe amene alilole kuchotseredwa makilogalamu a chinyezi.